Oweruza Kanema ku Minda ya Tiyi

Dziko la Malawi lisadatsegule wailesi yake yakanema mu 1999, anthu othyola tiyi ku Thyolo ankaonera zithunzi m'tinyumba ta vidiyo ta m'misika monga wa ku Makwasa. Tsiku la malipiro munthu ankapatula tindalama tolowera, nakakhala pabenchi kuti aiwaleko kuzizira kwa chiperoni ndi kulemera kwa dengu kumsana.

Madzulo ena mwini kanyumba kotere adalengeza kuti kanema wa tsikulo adali wachikondi, woseketsa mpaka nthiti kuwawa. Mwa olowawo mudali mnyamata wina wamanyazi amene adalipirira anthu awiri, iye ndi namwali amene ankamufuna. Adaganiza kuti kanemayo amulankhulira zimene pakamwa pake pankalephera.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ola lathunthu lidatha popanda woseka, ndipo chimene chinkamveka chidali jenereta kunja. Anthu adafa nacho chiseko kamodzi kokha, pamene mwamuna wa m'kanemamo adagwadira mkazi atanyamula mphete, pomwe wopanga kanemayo adafuna kuti oonera agwetse misozi.

Potuluka, bwalo la milandu lidakhala pansi pa mtengo wa bulugama. "Kodi mtsikana uja alibe amalume?" adafunsa mayi wina. "Ukwati wopanda ankhoswe, akadzayambana adzadandaula kwa yani?" Bambo wina adadabwa kuti chiyambire kanemayo sadaone wogwira ntchito, koma onse ankangodya ndi kusintha zovala. Kuno mkamwini amaonetsa chikondi pomanga nyumba ndi kulima munda kwa apongozi.

Pa za miyambo oweruzawa adalakwira kanemayo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi kafunsiridwe kake ka mbeta. Koma pa mfundo yaikulu adalasa. Awiri aja sadaoneke kuti wina angavutike mnzake atachoka, ndipo nthabwala zawo zidali zokakamiza. Munthu amene tsiku ndi tsiku amayang'anitsitsa sikelo kapitawo akamayeza tiyi wake sapusitsidwa ndi katundu wopepuka.

Ngakhale kumene amapanga makanemawa chiweruzo chimakhala chomwechi. Mu 2003 ku America kudatuluka kanema wachikondi wotchedwa Gigli, momwe mudali Ben Affleck ndi Jennifer Lopez. Adadya ndalama zoposa madola 70 miliyoni, koma zimene adabweza sizidafike ndi 10 miliyoni zomwe, atolankhani atamunyoza m'nyuzipepala. Ku Thyolo kudalibe wolemba m'nyuzipepala. Nkhani idangoyenda m'mizere ya tiyi m'mawa mwake, ndipo usiku wotsatira mabenchi adagona okha mpaka mwini kanyumba adabwezeretsa kanema wa karate.

Mnyamata uja adaperekeza namwaliyo ali chete, akuwerengera mumtima madengu a tiyi amene adapita pachabe. Atayandikira kwawo, namwaliyo adaima nafunsa motsitsa mawu, "Nanga inuyo, amalume anu amakhala mudzi uti?"