Sikelo Siyeza Mafupa

Mu September 2016 ku London, amuna awiri anakwera pa sikelo kutatsala tsiku limodzi kuti amenyane. Kell Brook wa ku England ndi Gennady Golovkin wa ku Kazakhstan onse analemera makilo 72 ndi kapamwamba pang'ono, ndipo Brook ndiye anaposako mnzake ndi magalamu ocepa. Mawa lake, mu raundi yacisanu, kochi wa Brook anaponya thaulo. Fupa lozungulira diso la kumanja la mnyamata wake linali litasweka.

Ine ndiphunzitsa masamu, ndipo nambala ndiikhulupirira kuposa pakamwa pa munthu. Koma nambala ya tsiku lija inanena zoona zatheka cabe.

Nkhonya za malipiro za amuna zili ndi magulu 17 a kulemera. Kumunsi magulu ndi othithikana. Flyweight ithera pa makilo 50.8, super flyweight pa 52.2, bantamweight pa 53.5, gulu limene Catherine Phiri anatengamo lamba wa WBC atagonjetsa Yazmin Rivas ku Mexico mu January 2016. Kusiyana kwake sikufika ngakhale paketi imodzi ndi theka ya shuga, koma pa thupi laling'ono conco ndi pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse. Kumwamba mipata ikula. Kucoka pa light heavyweight, gulu la malemu Lottie Mwale, lothera pa 79.4, kukafika pa cruiserweight pali makilo 11. Heavyweight ilibe denga.

Brook anali ngwazi ya welterweight, ya makilo 66.7, ndipo analumpha magulu awiri kamodzi. Anadya, ananyamula zitsulo, mnofu unabwera m'miyezi yocepa. Cigaza, nsagwada ndi mafupa a m'manja sizikula mwa njira imeneyo. Golovkin anali atatha zaka khumi akumenya ndi kumenyedwa ndi amuna a makilo 72, khosi lake linazolowera nkhonya za msinkhu umenewo, ndipo zake zinali zolemera molingana. Brook anamumenya zoyera ndithu, makamaka mu raundi yaciwiri, koma Golovkin anangobwerabe kutsogolo monga munthu amene wakumana ndi mvula yowaza.

Kutsika nako kuli ndi msampha wake. Mu December 2008, anthu ambiri anamvera cisoni Manny Pacquiao pamene anakwera kucoka ku lightweight kukakumana ndi Oscar De La Hoya, munthu wamtali ndi wamkulu kumuposa. Koma De La Hoya anali atadzifinya kuti atsike pa makilo 66.7, kulemera kumene anakusiya zaka zisanu ndi ziwiri kumbuyo. Analowa m'bwalo ali wouma, miyendo yosamvera, ndipo raundi yacisanu ndi citatu itatha sananyamukenso pa kampando kake.

Kudzifinya kumeneku ndinakuona m'kalasi mwanga. Mnyamata wina wa Giredi 11, amene aphunzira nkhonya ku kalabu ya m'komboni mwathu, anakhala kumbuyo ndi kabotolo kobisa pansi pa desiki, akulavuliramo malovu. Milomo inali itang'ambika, ndipo m'kati mwa yunifomu munali kulira pulasitiki, mwezi wa October. Nditamufunsa anati, "Ba Ticha, nifunika kucosa makilo yabili, pa Saturday nili na fight."

Zimene anali kucotsa sanali mafuta, mwana uja analibe mafuta oti n'kucotsa. Anali madzi. Akatswiri a malipiro amayezedwa kutatsala tsiku, ndiye amakhala ndi usiku wonse ndi usana womwa ndi kudya, ndipo ena amalowa m'bwalo ataonjezera makilo asanu kapena kuposa. Ocita nkhonya zosalipidwa amayezedwa m'mawa wa tsiku lomwelo. Thupi louma litopa msanga, maso acedwa kuona nkhonya ikubwera, ndipo mutu ndiwo ulipira.

Ndinamuuza kuti akali kukula, akwere gulu limodzi. Anandiyang'ana monga ndamuuza kuti 2 kuphatikiza 2 ndi 5. "Ba Ticha, baja ba pamwamba ni bakulu. Nabeve bamacoka pamwamba, bamazifinya cabe." Pamenepo sindinathe kumutsutsa. Akakwera, akumana ndi mnyamata amene thupi lake lenileni ndi la gulu lina lapamwamba. Akatsala, amenya ali wouma. Poti aliyense atsika, woyamba kuleka ndiye akhala wamng'ono m'bwalo. Ndinapita kukalankhula ndi amai ake, ndipo anagwirizana ndi kochi kuti Ciwelu cimeneco asamenye. Anakhala milungu iwiri osandipatsa moni.

Ndidziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuchula Oleksandr Usyk. Ndi zoona, mu May 2024 ku Riyadh anagonjetsa Tyson Fury, amene analemera pafupifupi makilo 119 pamene iye anali pa 101. Koma werengani zaka. Usyk anatenga malamba onse a cruiserweight mu 2018, analowa heavyweight mu 2019, anagonjetsa Anthony Joshua mu 2021, ndiye anafika kwa Fury. Thupi analimanga njerwa imodzi-imodzi kwa zaka zisanu. Ndiponso munthu akapitirira makilo 100, nkhonya yake ikwanira kale kugwetsa aliyense, ndipo makilo oonjezera ndi katundu amene mwini ayenera kusenza maraundi 12.

Brook nthawi imeneyo sanaipeze. Mu May 2017 anabwerera ku welterweight kukateteza lamba wake wa IBF kwa Errol Spence kwao ku Sheffield, ndipo anayenera kucotsanso mnofu wonse umene anaumanga cifukwa ca Golovkin. Mu raundi ya 11 anagwada yekha pansi, atagwira kumaso. Ulendo uno linasweka fupa la diso la kumanzere.