Amayi aakulu adabwerera kwawo kawiri

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, lero ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwathu. Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Milange ndi Mecanhelas muli munthu amene adatenga unzika wa dziko lina nataya wa kuno, ndipo lero akukhala pamudzi pa amayi ake ngati mlendo. Ambiri amaganiza kuti unzika ukapita wapita. Lamulo lalikulu la dziko lathu, Constituição ya 2004, lidasiya njira yobwererera, ndipo ine ndidaona munthu akuyenda m'njira imeneyo mpaka kufika.

Munthuyo ndi amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga. Adathawa nkhondo mu 1986 ali ndi mwana kumbuyo. Ulendo wake sudali wautali. Amene mudayendapo pa msewu wocokera ku Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti m'malo ena, monga pa Lizulu, msewu womwewo ndiwo malire. Tsidya lino ndi Moçambique, tsidya ilo ndi Malawi, koma msika ndi umodzi ndipo pa maliro timakumana tonse. Malirewo adapangana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, makolo athu osafunsidwa. Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi adawolokera ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, ambiri tidabwerera. Amayi aakulu adatsala. Adali atakwatiwa kumeneko, ana ali pa sukulu, ndipo makadi a anthu othawa nkhondo adali atatha nchito.

Kuti akhale mosadzidzimuka, adapempha unzika wa Malawi ndipo adapatsidwa. Masiku amenewo kudalibe zokhala ndi unzika uwiri. Malawi siinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko awiri. Kunonso lamulo la unzika la 1975, kenako Constituição ya 1990, zinkanena kuti wotenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwake wataya wa Moçambique. Adayenera kusankha, ndipo mayi wa ana anayi amasankha kumene kuli ana ake. Ndimamva anthu ena akunena kuti otere adagulitsa dziko. Ine ndimawayankha kuti munthu amene adacoka usiku nyumba ikuyaka sadagulitse kanthu.

Bambo aja atamwalira, ana atakula nkubalalika, wina ku Lilongwe wina ku Joni, amayi aakulu adabwerera kumudzi. Kumeneko kudali kubwerera koyamba, kwa miyendo. Mfumu idawalandira. Mbumba idawamangira nyumba pafupi ndi ya mayi anga. Pa zinkhoswe ankakhala patsogolo, cifukwa ndiwo ankadziwa amene adabala yani, ndiponso amene agona pati kumanda. Pamudzi padalibe wofunsa citupa.

Vuto lidabwera ndi dimba. Kwathu munda umayenda ku cikazi, ndipo dimba la agogo la m'mbali mwa mtsinje lidali gawo la amayi aakulu. Zaka zonse zimene iwo kudalibe, wacibale wina ankalimamo mbatatesi ndi kabichi. Atamuuza kuti eni ake abwera, iye adayankha pamaso pa anthu kuti, "Mukufuna ciyani kuno? Inu ndinu a ku Malawi." Mawuwo adawawa kwambiri cifukwa pa pepala adali oona. Lamulo la malo la 1997 likuti nthaka ndi ya boma, anthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa nchito, uja timati DUAT. Nzika imene yalima malo ndi mtima woona kwa zaka zosacepera 10 imapeza ufulu umenewu. Mlendo wopempha DUAT amafunika kukhala atakhala m'dziko muno zaka zosacepera 5, ndiponso akhale ndi projecto yovomerezedwa ndi boma. Wacibale uja sadawerengepo lamulolo, koma ankadziwa kuti liwu lakuti mlendo limafooketsa munthu pa bwalo.

Padalinso zina zazing'ono zimene zinkawadya mumtima. Kalembera wa cisankho akafika, anzawo ankapita kukajambulitsa, iwo nkutsala akusenda nyemba. Galimoto ikaimitsidwa pa msewu wa ku Tete, ankagwira cikwama mwamantha, cifukwa mlendo wokhazikika m'dziko muno amafunika DIRE, ndipo iwo adalibe. Mayi wobadwira pamudzi pomwepo ankaopa yunifomu ngati wakuba.

Tsiku lina Loweruka ndidatenga Constituição nkukakhala nawo pakhonde. Nkhani ya unzika ili pa artigo 23 mpaka 34, masamba owerengeka cabe. Ndinkawerenga m'Cipwitikizi, nkumawauza m'cilankhulo cathu.

Artigo 32 ndiyo idali yawo. Ikunena zinthu zitatu. Coyamba, munthu amene adataya unzika angathe kupatsidwanso ngati wapempha, ngati wakhazikika m'Moçambique, ndiponso ngati wakwaniritsa zimene lamulo likufuna. Caciwiri, mkazi amene adataya unzika cifukwa ca ukwati angaupezenso polemba requerimento kwa akuluakulu oyenera. Ndime imeneyi ilipo cifukwa lamulo la 1975 linkalanda unzika mkazi wokwatiwa ndi mlendo, mpaka pamene lidasinthidwa mu 1987. Cacitatu, wopezanso unzika amabwerera pamene adali asadautaye.

Pa cacitatuci adandiimitsa. "Bwerezanso pamenepo, mwana wanga."

Ndidabwereza.

"Ndiye kuti sindikupempha ngati mlendo?"

"Iyayi amayi. Mukubwerera pampando wanu."

Kusiyana kwake nkwakukulu ndithu. Mlendo wofuna kukhala nzika amadzera pa artigo 27. Ayenera kukhala m'dziko muno zaka zosacepera 10, akhale woposa zaka 18, adziwe Cipwitikizi kapena cilankhulo cimodzi ca Moçambique, akhale wodzidalira ndi wa mbiri yabwino. Ngakhale apatsidwe unzikawo, artigo 30 imamuletsa kukhala deputado, kukhala m'boma ngati nduna, kukhala kazembe kapena kulowa nchito ya usilikali. Koma wobadwa ali nzika, akataya nkupezanso, amakhalanso nzika yobadwa nayo. Palibe cipsera cotsala.

Komabe unzika subwerera wokha. Lamulo likuti wofuna apemphe. Munthu angakhale pamudzi zaka 20 atabwerera, akulima, akupereka za maliro, koma ngati sadalembe pempho, pa pepala akadali mlendo. Kumeneko ndiye kubwerera kwaciwiri, kwa zikalata, ndipo nkolemetsa kuposa koyamba.

Tidayamba ndi kufunafuna umboni wakuti adabadwira kuno. Cédula yawo idapsera m'nyumba mu 1986. Cidatithandiza ndi buku la ubatizo la ku mishoni ya Lifidzi, m'mene mudalembedwa tsiku lawo lobadwa, maina a makolo ndi mudzi. Ndi zimenezo tidakatenga certidão ku Registo. Mfumu ndi akuluakulu a dera adalemba declaração yotsimikiza kuti akukhala pamudzi. Tidasonkhanitsanso mapepala a ku Malawi oonetsa caka cimene adatengera unzika wa kumeneko, nkulemba requerimento. Amene amavomereza pempho lotere ndi Ministro do Interior, ndipo dzina la wopatsidwayo limatuluka mu Boletim da República ndi mawu akuti wapatsidwa unzika "por reaquisição", ndiye kuti mwa kuupezanso. Pambuyo pake ndi pamene munthu amapita kukajambulitsa BI. Mitunda ndi yaitali, ma chapa amadya ndalama, ndipo mbumba idasonkha kangapo. Amene alibe ndalama ya loya akumbukire kuti kuli IPAJ, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo kwaulere.

BI itafika, amayi aakulu adaikulunga m'kansalu nkuiika m'buku lawo la nyimbo. Nkhani ya dimba idakambidwa pa bwalo la mfumu monga mwa mwambo. Adagawana, wacibale uja cakumtunda, iwo cakumadzi. Sindinganene kuti citupa ndico cidaweruza mlanduwo, cifukwa akuluakulu adatsata mzere wa agogo. Koma pa tsikulo palibe adachulanso za Malawi, ndipo amayi aakulu adalankhula ataimirira, mawu osanjenjemera. Pa 15 Outubro 2019 adavota kuno kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, ali ndi imvi mutu wonse.

Cicokereni apo anthu akhala akundifunsa za abale awo, ndipo ndaona kuti ambiri akudandaula ndi matenda amene alibe. Tiyeni tisiyanitse magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la amene adangokhala ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, ngakhale zaka zambiri, koma sadapemphepo unzika wa kumeneko. Khadi la cakudya la kumsasa si unzika. Khadi la cipani limene anthu ankagula kuti alowe mumsika nthawi ya Kamuzu si unzika. Amenewa sadataye kanthu. Cimene akusowa ndi kulembetsa ku Registo ndi kutenga BI.

Gulu laciwiri ndi la amene adatenga unzika wina mwa kufuna kwawo malamulo akale aja akugwira nchito, monga amayi aakulu. Amenewa adataya, ndipo njira yawo ndi artigo 32.

Gulu lacitatu ndi la amene adatenga unzika wina Constituição ya 2004 itayamba kale kugwira nchito. Artigo 31 idasintha zinthu. Tsopano kutenga unzika wa dziko lina pakokha sikutayitsa wa kuno. Amataya ndi amene, ali nzika ya dziko lina, wanena yekha kwa akuluakulu oyenera kuti sakufunanso kukhala nzika ya Moçambique. Ngati m'bale wanu sadanenepo zimenezo, akadali wathu. Artigo 33 ikuwonjezera kuti munthu wotere akakhala m'dziko muno, boma limamuona ngati nzika ya Moçambique basi, unzika winawo suwerengedwa.

Anansi athu nawonso adasintha. Zambia idalola unzika uwiri mu 2016, ndipo amene adautaya kale angathe kupempha kuti abwezeredwe. Malawi idasintha lamulo lake mu 2019, kulola unzika uwiri kwa nzika zobadwa nawo unzikawo. Conco musaweruze nkhani ya lero ndi zimene mudamva mu 1995.

Ife aphunzitsi nkhaniyi timakumana nayo pa nthawi ya matrícula. Mwana amabwera wopanda cédula, ukafunsa kholo limayankha motsitsa mawu kuti, "Adabadwira ku Dedza," kapena kuti, "Bambo ake ndi a kutsidya." Kholo limaganiza kuti pamenepo nkhani yatha, ndipo mwana amakula wopanda cikalata mpaka mayeso amupeze. Artigo 23 ikuti mwana wobadwira m'Moçambique, amene bambo kapena mayi ake adabadwira kuno, ndi nzika. Ikutinso mwana wobadwira kunja kwa bambo kapena mayi amene ndi nzika ya Moçambique amakhala nzika ngati makolo anena kuti akufuna atero, kapena iye mwini akakwanitsa zaka 18. Kholo limodzi ndi lokwanira, ndipo mayi ali ndi mphamvu yofanana ndi ya bambo.

Ndikukupemphani cinthu cimodzi, anzanga. Pa msonkhano wa makolo ukubwerawu, mukatha za mayunifomu ndi za kusesa pabwalo, patulani mphindi khumi muwerenge artigo 23, 31 ndi 32 m'mawu amene agogo akhala kumbuyo angamve. Musafunse kuti ndani ali ndi vutoli, cifukwa eni ake sakweza dzanja pagulu. Adzakupezani okha anthu atabalalika, ndipo funso loyamba lowafunsa ndi lakuti, "Kodi mudasainapo pepala lopempha unzika wa kumeneko, ndipo cidali caka canji?" Yankho lake ndilo lidzakuuzani khomo loyenera kuwalozera.