Nsanjika zakale za ku Joni zomwe zadzukanso

Aliyense amene analowapo mu Johannesburg amaidziwa nyumba ija yozungulira ngati mgolo, yaitali kuposa zinzake zonse za mbali imeneyo, yosenza chikwangwani cha Vodacom pamutu. Dzina lake ndi Ponte City. Inamalizidwa mu 1975, ili ndi nsanjika 54, ndipo kutalika kwake ndi mamita 173. Ili ku Berea, moyandikana ndi Hillbrow, dera lija makolo kwathu kuno akangolimva amayamba kupempherera mwana wawo amene ali ku Joni. Ine ndinakhala mumzindawu masabata awiri kwa msuweni wanga, ndipo chimene chinandikopa kwambiri si mamolo a ku Sandton ayi, koma nyumba zakale za pakati pa tauni zimene anazikonzanso kuti anthu azikhalamo.

Mbiri ya Ponte ndi mbiri ya tauni yonse. Itangomangidwa inali ya azungu a ndalama, nthawi ya tsankho. Kenako makampani akuluakulu anayamba kusamukira kumpoto kwa mzinda, mpaka msika wa masheya wa Johannesburg nawo unapita ku Sandton mu 2000. Eni nyumba ambiri anasiya kusamala katundu wawo, zikepe zinafa, madzi anasiya kukwera. Ponte pakati pake ndi pobowoka kuyambira pansi mpaka kumwamba, anachita zimenezi kuti kuwala kuzilowa mbali zonse ziwiri za fulati. Zinthu zitasokonekera, bowo limenelo linasanduka dzala: anthu ankangotsegula zenera n'kuponya zinyalala, mpaka muluwo unakwirira nsanjika zingapo zapansi. Mu 2007 kunabwera anthu ofuna kuisandutsa malo apamwamba, anagumula mkati, koma mavuto azachuma a 2008 anawagwetsa ntchito isanathe. Eni ake anaikonza pang'onopang'ono pambuyo pake, ndipo lero mukukhala mabanja wamba, ophunzira ndi anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa. Bungwe la Dlala Nje, lomwe linayamba mu 2012, limayendetsa alendo m'nyumbayi. Ndinaima pansi pa bowo lija, pathanthwe pomwe nyumbayi inakhazikika, n'kuyang'ana kumwamba: mazenera mazanamazana kuzungulira, thambo likuoneka ngati mbale yaing'ono. Zinyalala palibe. Mawu a ana akusewera m'makhonde amamveka ngati uli m'chitsime.

Koma kumene ndinaphunzira zambiri ndi kunyumba kwa msuweni wanga uja, cha ku Marshalltown, osati ku Ponte. Iye amakhala pansanjika yachisanu ndi chinayi ya nyumba yomwe kale inali maofesi. Ukalowa umaonabe zakalezo: masitepe otakata a mwala, zitsulo zogwirira zamkuwa zomwe zinasalala ndi manja a makalaliki, denga lalitali moti sungalikhudze ngakhale utakwera pampando. Fulati yake ndi chipinda chimodzi. Bedi, sinki, sitovu ya mbale ziwiri, kabati ya m'khoma, ndi kachipinda ka shawa ndi chimbudzi. Pansi matailosi, khoma loyera. Zenera ndi lalikulu kwabasi, chifukwa omanga maofesi akale ankafuna kuwala kwa dzuwa. M'mawa tiyi timamwera pazenera pomwepo, tikuonera ma minibasi akukankhana pansi ngati nyerere.

Kusandutsa ofesi kukhala pogona si nkhani ya penti. Nyumba ya maofesi inkakhala ndi zimbudzi malo amodzi pansanjika iliyonse, pafupi ndi chikepe. Ukadula nsanjika imeneyo kukhala mafulati ambiri, iliyonse ikufuna mpopi wake, shawa yake ndi paipi yake yotaya madzi oipa. Ndiye amabowola simenti kuyambira pamwamba mpaka pansi n'kudutsitsa mapaipi atsopano, mawaya onse akale n'kuzula. Vuto lina ndi kukula kwa nsanjika. Ofesi ikhoza kukhala ndi malo aakulu pakati opanda zenera, anthu n'kumagwira ntchito ndi magetsi tsiku lonse, koma munthu sangagone m'chipinda chopanda mpweya. N'chifukwa chake mafulati ambiri otere ndi opyapyala ndi aatali ngati bokosi la machesi, kuti iliyonse ipeze kagawo kake ka zenera, ndipo pakati pamasiyidwa khonde. Madzi a mumzinda safika okha pamwamba, pamafunika mathanki ndi mapampu. Magetsi akazima, ngati nyumbayo ilibe jenereta, pampu imaima, chikepe chimaima, ndipo wa pansanjika yachisanu ndi chinayi amadziwa kulemera kwa chigubu.

Msuweni wangayo asanapeze fulati imeneyi anayenda m'nyumba zambiri. Anandiuza kuti matailosi ndi mabalubu okongola sankaziyang'ana n'komwe.

"Asuweni, kuno penti imanama," anatero. "Ine ndikalowa ndimayamba kaye kununkhiza pamasitepe. Kenako ndimatsegula mpopi. Kenako ndimapita kukaona chitseko chothawira moto, ngati pali loko ndimangotuluka, ngakhale lendi itsike bwanji."

Ndinaseka, koma iye sanaseke. Pamtunda woyenda pansi kuchokera pamene amakhala pali nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street. Pa 31 August 2023 nyumba imeneyi inapsa usiku ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Inali nyumba ya nsanjika zisanu ya khonsolo ya mzinda. Nthawi ya tsankho munali ofesi yoona za mapasi a anthu akuda, kenako munakhala malo osungirako amayi ozunzidwa, kenako inagwa m'manja mwa anthu amene ankangotolera lendi popanda chilolezo. Nayonso inali "yokonzedwa" mwa njira yake: zipinda zazikulu anazidula ndi matabwa ndi mapulasitiki kukhala tizisakasa, magetsi olumikiza mwakuba, njira zotulukira zotsekeka. Komiti yofufuza yomwe ankaitsogolera Sisi Khampepe, woweruza wopuma, inapeza kuti khonsolo inalephera kutsata malamulo ake omwe oteteza anthu. Tinadutsa pamenepo masana. Msuweni wanga sanafune kuima.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kuona nyumba za m'tauni mosiyana. Ziwiri zikhoza kukhala khoma limodzi, zomangidwa zaka zofanana, njerwa zofanana. Ina mazenera osweka otsekedwa ndi makatoni, madzi onunkha akutsika m'khoma. Inayo polowera pali mlonda, chitseko chimatseguka ukaika chala pamakina, mlendo amalembetsa, zinyalala zimachoka tsiku lake, pakhonde pali chozimitsira moto chokhala ndi deti. Kusiyana kwake si msinkhu wa nyumba. Ndi kuti pali munthu amene amabwera paipi ikaphulika, ndipo okhalamo amadziwa nambala yake.

Chitetezo chimenechi chili ndi zowawa zake, ndisanamizire kuti zonse ndi bho. Malamulo ndi ambiri ngati ku hostelo ya sekondale. Alendo ali ndi nthawi yotulukira, wogona amafunika chilolezo, phokoso la usiku limabweretsa mlonda pakhomo. Magetsi ndi ogula mayunitsi, ndipo ketulo imawadya mukuona. Kuti upeze malo amafuna dipoziti, umboni wa malipiro ndi mapepala okhalira m'dziko. Apa ndiye pagona nkhani kwa abale athu ambiri. Mnyamata wangofika kumene kuchokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, ntchito yake ndi maganyu, malipiro amalandira pamanja, alibe pepala lililonse loti angaonetse ku ofesi ya lendi. Nyumba yokonzedwa bwino ija imamukana pachipata pomwe. Yomwe imamulandira osafunsa kanthu ndi ija ya makatoni. Alipo mabungwe monga Johannesburg Housing Company, yomwe kuyambira 1995 yakhala ikukonza nyumba zakale n'kumachititsa lendi pamtengo wofikirika, koma ofuna malo ndi ochuluka, ndipo nawonso amafuna mapepala.

Loweruka tinapita ku Maboneng, kum'mawa kwa tauni. Dzinali ndi la Chisotho, kutanthauza malo a kuwala. Kuyambira cha mu 2009 Jonathan Liebmann ndi kampani yake ya Propertuity anayamba kugula nyumba zakale zosungiramo katundu ndi mafakitale n'kuzisandutsa mafulati, malo odyera ndi a zojambulajambula. Kuno ndiye kumene zithunzi za pa Instagram zimachokera. Njerwa amazisiya poyera osapaka pulasitala, mapaipi amaoneka kudenga, pansi simenti yopukutidwa basi. Agogo anga atakaona akanafunsa kuti mmisiri anathawa ndi ndalama kapena bwanji, koma kumeneko ndiye fasho, ndipo umalipira zambiri kuti ukhale m'nyumba yooneka ngati yosatha. Kampaniyo inagwa mu 2018 ndipo nyumba zake zinagulitsidwa, koma deralo likadali ndi moyo. Pafupi pomwepo pali Jewel City, komwe kale kunali malonda a dayamondi kuseri kwa mipanda, ndipo mu 2020 kunatsegulidwa ngati malo okhala, okhala ndi sukulu, chipatala chaching'ono ndi bwalo la mpira. Kumeneko kunandisangalatsa kuposa ku Maboneng kwenikweni, chifukwa ndinaona amayi akuyanika zovala ndi ana akuthamangitsana pamsewu wopanda magalimoto. Malo odyera okha sapanga mudzi.

Ndikuyenda choncho ndinkakumbukira Limbe, nyumba zija za masitolo pansi, pamwamba mazenera afumbi. Nthawi ya Bingu wa Mutharika zambiri zotere mu Blantyre zinapakidwa nyenyezi yofiira, kuti zikonzedwe kapena zigwetsedwe. Pomwe achinyamata ogwira ntchito m'tauni amathera gawo lalikulu la malipiro pa minibasi kuchokera ku Machinjiri kapena ku Chileka, zipinda zina pakati penipeni pa tauni zimangosungira makatoni. Msuweni wanga amapita kuntchito wapansi, ndipo akuti ndalama imene akanalipira thiransipoti ndi imene imakwaniritsa lendi yake. Kwa ine, kungogwetsa nyumba ya makoma olimba chifukwa yakalamba ndi kuwononga. Komanso kuipaka penti kunja mapaipi ndi mawaya ali omwe aja a atsamunda ndi kuika anthu pamsampha.

Madzulo ena tinakwera padenga la nyumba yawo, pomwe pali zingwe zoyanikira zovala ndi mathanki amadzi. Munali mu July, kuzizira kolowa m'mafupa. Panali mayi wina wa ku Zimbabwe akuanula mabulangete, ndipo atamva tikulankhula anatipatsa moni m'Chichewa chothyokathyoka, akuti agogo ake aamuna anachokera ku Dedza kukagwira ntchito m'mafamu. Anatilozera nyumba ya kutsidya kwa msewu, yomwe anaizinga ndi zitsulo zokwerera amisiri. Akuti munali anthu ambiri mpaka chaka chathachi, ndipo sakudziwa kumene anapita. Pachipata pake anali atapachika kale chikwangwani cha mafulati atsopano, ndi nambala ya WhatsApp.