Samusa wa pa Chinkhoma

Anyamata a kugombe! Werengani mpaka pansi, bando musayimvere chisoni lero.

Uno ndi mwezi wachitatu ndili ku Kasungu. Ine amene ndinazolowera kumasula injini za Yamaha pamchenga ku Nkhotakota, pano ndikukonza mapampu ndi zigayo m'maesiteti a fodya. Kuno kulibe mwera, aise. Uku zigafa, uku fumbi, basi.

Ndiulule. Nditangofika, anzanga a pantchito ankandiseka kuti ndimanunkha usipa. Zinandilowa mumtima moti bambo atanditumizira kathumba ka usipa wofutsa pa minibasi, ndinakabisa kunsi kwa bedi ngati katundu wakuba. Munthu wagona panyanja usiku wonse, mwana wake akuchita manyazi ndi thukuta lakelo.

Tsiku lina njala inandipeza pafupi ndi Chinkhoma, pamene alimi amagulitsira fodya pa okushoni. Ndinagula samusa kwa mayi ena a ndowa. Kupsa kwake, kupinda kwake, eee! Ndinafunsa, "Mayi, luso limeneli munalitenga kuti?"

Anaseka. "Mwanawe, agogo anga aamuna anali khukhi kwa mmwenye wa sitolo. Abwanawo atasamuka sanatisiyire ndalama, anatisiyira manjawa."

Nkhaniyo ndi yoona. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu, mwana wa konkuno ku Kasungu, linalamula amwenye kuti asiye masitolo a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu. Anthu anapita, samusa anatsala.

Munaonapo mavidiyo a zakudya za m'misewu ya ku India aja timatumizirana pa gulupu? Kumeneko samusa amaikamo mbatatesi, nsawawa ndi zonunkhiritsa, munthu amadya chiimire, kapu ya tiyi ili m'manja. Chimatikopa n'chiyani? Ine ndimati n'chomwecho chimatikokera pachiwaya: umaona wophika, umamva mafuta akulira, umadyera limodzi ndi munthu amene sukumudziwa. Kwathu kuno samusa yemweyo tinamusandutsa wathu, anyezi wambiri, nyama yogaya pang'ono, tsabola wa kambuzi pambali.

Ndinakumbukiranso mpunga wa kwathu uja timaunyadira. Anaufalitsa ndi a Jumbe, amalonda ochokera cha ku Zanzibar amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Mbiri yawo ili ndi ukapolo mkati, sitingabise. Koma lero ndani angauze amayi anga kuti mpunga ndi wachilendo?

Mayi aja sachita manyazi kunena kuti agogo awo anali wantchito wa kukhitchini. Ine ndinkabisa bambo anga chifukwa chiyani?

M'mawa mwake ndinatulutsa kathumba kaja n'kuwapititsira. Anachotsa mitu, anakazinga ndi anyezi, anapinda. Samusa wa usipa! Ndinagula khumi n'kupita nawo kuntchito. Yemwe ankatsogolera kundiseka uja anadya atatu, kenako n'kufunsa kuti nsombayi ndi yakuti. Ndinamuyankha mokweza: "Anagwira ndi bambo anga."

Usiku ndinawaimbira foni. Ndinati, "Ababa, usipa uja watha, tumizani wina." Anangokhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndimayesa unasiya kudya za kwanu."

Mukawaona pagombe mawa, muwathandize kukweza kathumbako pa minibasi. Ya mayendedwe nditumiza pa foni.