Ku Sebastia, Phiri la Mafumu a Samariya

Kuchoka mumzinda wa Nablus tinayenda makilomita pafupifupi 12 kulowera kumpoto chakumadzulo, msewu ukukwera pakati pa minda ya azitona, nkhuyu ndi maapurikoti. Pamwamba pake ndi pa Sebastia, tauni ya Apalestina yomwe ife owerenga Baibulo timaidziwa kuti Samariya.

Ukaima pa phiripo n'kuona zigwa mbali zonse, sufunsanso chimene mfumu Omri inaligulira kwa Semeri ndi matalente awiri a siliva. Mdani amaonekera akadali kutali. Ahabu ndi Yezebeli analamulira pomwepo, ndipo patapita nthawi ufumuwo unagwa m'manja mwa Asuri cha m'ma 722 Yesu asanabadwe. Patapita zaka mazana ambiri, Herode anamanganso mzindawo polemekeza Augustus, mfumu ya Aroma. Zipilala za mu nthawi ya Aroma zikadaimabe m'minda, alimi akulima mozilambalala.

Koma chimene chinandigwira mtima chili pakati pa tauni, mu mzikiti wa Nabi Yahya. Makoma ake akuluakulu ndi a tchalitchi chomwe ankhondo achikhristu a ku Ulaya anamanga m'zaka za m'ma 1100. Mtsogoleri wachisilamu Saladin atawagonjetsa mu 1187, malowo anasanduka mzikiti. Tinatsika masitepe opapatiza kulowa m'kachipinda ka pansi, momwe mwambo wakale umati munaikidwa Yohane Mbatizi, pafupi ndi aneneri Elisa ndi Obadiya. Yohaneyo anadulidwa mutu kutali, ku Machaerus, kutsidya la Nyanja Yakufa, koma pofika zaka za m'ma 300 Akhristu anali atayamba kale kudzapemphera pano. Lero Asilamu, omwe ndiwo ambiri m'tauniyi, ndi amene amasesa ndi kusamala mandawo. Kwa iwonso Yohane ndi mneneri, ndipo mlendo wachikhristu amamutsegulira chitseko popanda kumufunsa zambiri. Ndinalakalaka abale athu a ku Mangochi ndi a ku Nkhoma akanatsikira limodzi masitepe amenewa.

Chowawa n'chakuti pangano la Oslo la 1995, la pakati pa Israeli ndi Apalestina, linadula Sebastia pakati. Nyumba za anthu zili m'dera lotchedwa Area B, pomwe mabwinja a pamwamba pa phiri ali mu Area C, m'manja mwa Israeli. Eni tauni sangakonze ngakhale kanjira kopita kumabwinjako popanda chilolezo. Ogulitsa khofi, sopo ndi mafuta a azitona pabwalo lakale la Aroma amadalira alendo, ndipo misewu ikatsekedwa, tsiku limatha asanagulitse kanthu.