Nsalu Yolankhula

Nsalu ilibe pakamwa, koma Amalawi adazindikira kalekale kuti imalankhula. Mayi akavala zakuda zokhazokha, mudzi wonse umadziwa kuti waferedwa. Amayi a Mvano akatulukira atavala malaya oyera ndi maduku oyera, palibe amene amafunsa kumene akupita. N'chifukwa chake andale sadachedwe kuona kuti chitenje chingathe kunyamula uthenga n'kuufikitsa kuchitsime, kuchigayo ndi kumaliro komwe, kumene nyuzipepala siifika.

Dziko lino litakhala la chipani chimodzi m'chaka cha 1966, nsalu yandale idali yamtundu umodzi basi. Amayi, amene ankatchedwa mbumba za Kamuzu, ankavala nsalu yokhala ndi nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo ankatengedwa pamalole kukavina kulikonse kumene mtsogoleriyo akupita. Abambo ambiri, makamaka ogwira ntchito m'boma, ankapachika baji ya nkhope yomweyo pachifuwa. M'chaka cha 1973 boma lidakhazikitsanso lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi madiresi olekeza m'mwamba mwa mawondo. Motero boma lidali ndi mphamvu pa zimene munthu ayenera kuvala ndi pa zimene sayenera kuvala.

Kodi nsalu ya masiku amenewo inkanena zotani? Kunena zoona, sinkanena kanthu za mtima wa woivalayo. Mwa amayi aja mudali ena amene ankamukondadi Kamuzu ndi mtima wonse, mudalinso ena amene ankasiya dimba ndi mwana wodwala chifukwa choopa kuti akakana aonedwa ngati oukira boma. Onsewo ankaoneka chimodzimodzi pabwalo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale wokondayo adalandidwa mawu ake, pakuti chikondi chake sichikadasiyanitsidwa ndi mantha a mnzake woima naye pamzere.

Zinthu zidayamba kutembenuka ndi kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Pa 14 Juni 1993 kudachitika riferendamu, pamene chizindikiro cha nyali chidapikisana ndi cha tambala wakuda, ndipo anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha zipani zambiri. Lamulo la kavalidwe lija lidathetsedwa, ndipo pofika pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 nsalu zachikasu za UDF zidali zitadzaza m'misika. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, m'ndime 35, adapereka kwa munthu aliyense ufulu wonena zakukhosi. Chodabwitsa n'chakuti nsalu ya Kamuzu yomwe ija idayamba kulankhula zoona nthawi imeneyi. Mayi amene adaivalabe chipani cha MCP chitatuluka m'boma ankanenadi za mumtima mwake, popeza tsopano akadatha kuisiya m'bokosi popanda womufunsa. Ufulu wovala uthenga umaoneka pokhapokha ngati palinso ufulu wokana kuuvala.

Uthenga wa pachovala sufuna sukulu. Munthu wosadziwa kulemba kalata kunyuzipepala, amene sadzaitanidwapo kukalankhula pawailesi, angathe kunena maganizo ake ndi mtundu chabe wa malaya. Izi zidaoneka pa 20 Julayi 2011, pamene anthu a m'mizinda ya Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre adavala zofiira posonyeza kusakondwa ndi boma la Bingu wa Mutharika, nthawi imene mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinkasowa. Zofiirazo sizidali za chipani ayi. Aliyense adangotenga chofiira chimene adali nacho m'nyumba. Komatu mawu ovala pathupi sanong'onezeka, ndipo zinthu zikavuta sabisika. Anthu pafupifupi 20 adafa pa zionetsero zimenezo.

Lamulo likhoza kulola, koma ufulu umenewu uli ndi adani ena amene sachokera kukhoti. Nthawi ya misonkhano yokopa anthu zimamveka kuti anyamata a chipani china amenya munthu, kapena amuvula mayi chitenje pagulu, chifukwa nsalu yake ndi ya chipani chimene iwo sachifuna. Mchitidwe umenewu ndi wochititsa manyazi zedi, ndiponso ndi wopanda nzeru, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amalawi adaona yachikasu ikulamulira, adaona yabuluu, adaonanso yamtundu wa lalanje, ndipo wovula mnzake lero sadziwa kuti nsalu yake idzakhala yotsutsa liti.

Mdani wina ndi umphawi, ndipo ameneyu amabwera akumwetulira. Zipani zimagawa zitenje ndi matisheti ulere, ndipo mayi amene alibe ndalama yogulira nsalu sangakane. Amalandira ya chipani ichi Lachiwiri, nalandiranso ya chipani chinacho Loweruka. Wandale akaima pansanja n'kuona bwalo lonse lavala mtundu wake amayesa kuti mavoti ali kale m'thumba, osadziwa kuti ambiri mwa anthuwo avala chifukwa cha usiwa. Msonkhano ukatha, nsalu ija imakaberekera mwana, ina imakhala chotchinga pakhomo, ina imavundikira dengu la ufa pochokera kuchigayo. Tsiku la chisankho mayi uja amalowa yekha m'kachipinda kovotera, nachonga pamene mtima wake wafuna, nkhope ya pachitenje chake ili duu kumsana pamodzi ndi mwana.