Ku Dedza kuli malo a ana, kulinso malo a inu nokha

Ana anga, makolo achichepere, tchuthi chikayandikira m'nyumba zambiri mumabuka kamkangano. Bambo akuti watopa ndi ntchito, akufuna akapumeko yekha masiku awiri. Mayi akuti nanga ine ndimapuma liti? Ana nawo akufunsa kuti chaka chino tipita kuti. Ndalama ndi zomwezo, zochepa. Lero ndikutengerani kumapiri a ku Dedza, chifukwa dera limeneli lili ndi zokomera ana, lilinso ndi malo abata oti munthu wamkulu n'kukakhala phee, mutu n'kuzizira.

Boma la Dedza lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, mumsewu wa M1 wopita ku Blantyre. Basi kapena minibasi imakufikitsani m'mawa womwewo. Tauniyi ili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imayandikira mamita 2,200. N'chifukwa chake kumazizira chotero. M'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu chake sichiseka ndi munthu. Monga namwino wopuma ndikuchenjezeni: mwana wamng'ono musapite naye ndi kamalaya kamodzi. Tengani majuzi, zipewa, masokosi ndi bulangeti. Mwana akayamba kutsokomola, kutentha thupi ndi kupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, musadikire kuti mukaonera kunyumba. Thamangirani kuchipatala, chikhoza kukhala chibayo.

Tiyambe ndi ulendo wa banja lonse. Ana a sukulu apititseni ku Chongoni akaone zojambula za pamiyala. M'mapiri a m'derali muli malo 127 amene makolo akale adajambulapo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira akatswiri amati n'za Akafula, anthu osaka nyama amene adakhalako kalekale. Zoyera n'za Achewa, ndipo zina zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ku Chentcherere ndi ku Mphunzi mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akhoza kufikako bwinobwino. Pezani munthu wa komweko akutsogolereni, mumupatse kangachepe, ndipo muwauze ana asakhudze kapena kulemba maina awo pamiyalapo. Nthawi ya dzinja misewu yafumbi yopita kumeneko imaterera, choncho ulendowu ngwabwino m'chilimwe.

Pobwerera imani ku Dedza Pottery, kumene akhala akuumba ziwiya zadothi kuyambira mu 1987. Mwana amene amangodziwa kapu ya pulasitiki akaone kuti dothi lomwe amaseweretsa lija ndi limene limasanduka mbale yonyezimira. Ngati muli ndi tsiku lina, tsikani chitunda cha Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, mukafike ku Mua. Mishoni ya kumeneko idakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, adayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Msewu wake ngwokhotakhota, ndiye mwana amene amachita nseru m'galimoto musamudyetse zamafuta musananyamuke. Kumusiko kumatentha ndipo udzudzu ulipo, masikito musaiwale.

Ulendo wotere ana saiwala. Koma tinene zoona, kwa mayi ulendo wa ndi ana si tchuthi ayi. Ndi ntchito yomweija, yangosamukira kwina. Iye ndiye alongedze zikwama, asambitse ana, aone amene sanadye, adzuke usiku wina akalira. Ukakhala ulendo wa kumudzi kwa apongozi ndiye kaya, kuyambira m'mawa ali pamoto mpaka dzuwa kulowa. Bambo ali pansi pa mtengo kucheza ndi anzake, pobwerera n'kumati tapuma bwino. Wapuma ndani?

Pazaka zanga zonse za unamwino ndidaona amayi ambiri akubwera ndi mutu wosatha, kusowa tulo, mtima kuthamanga ndi kupsa mtima msanga. Ena magazi adali atakwera ndithu, ndipo adafunika mankhwala. Koma ambiri ukawafunsa kuti adakhalapo liti tsiku lathunthu popanda wowaitana, ankangoseka, ena misozi n'kulengeza. Abambo nawo alipo amene amasenza nkhawa ya lendi ndi fizi osauza munthu, mapeto ake n'kukaithira m'botolo. Thupi lotopa silichedwa kudwala, ndipo kholo lotopa limakalipira mwana pa chinthu chosayenera n'komwe kukalipa. Kupuma pawekha si kuthawa banja. Ndi kulisamala.

Apa mpamene Dedza amakomeranso. Amene ali ndi mphamvu akwere phiri la Dedza m'mamawa. Ndi ulendo wa maola awiri kapena atatu kukafika pamwamba, ndipo kukakhala kopanda nkhungu maso amafika mpaka ku Mozambique. Phiri limeneli si la mwana wakhanda kapena wongoyamba kuyenda. Musakwere nokhanokha, pezani mnzanu kapena wokutsogolerani, tengani madzi, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi yambani mwafunsa kuchipatala. Amene safuna zokwera mapiri apite ku Bembeke akapemphere mwakachetechete, kapena angopeza chipinda chotsika mtengo pa boma, agone tulo tosadukiza, adye nsima yophika wina. Pobwerera agule mbatatesi, kabichi ndi tomato pamsika wa Chimbiya, ana akadye tchipisi.

Tsono kuti zimenezi zisaswe banja, pali malamulo ake. Loyamba, mwayi ukhale wofanana. Bambo akapita masiku awiri, mayinso akhale ndi masiku ake awiri, ndipo masiku amenewo bambo atsale ndi ana iye mwini, osati kuwatula kwa mlamu wake m'mawa womwewo. Kusambitsa mwana wako si kuthandiza mkazi, ndi udindo wako.

Lachiwiri, pasakhale chobisa. Nenani kumene mukupita, amene mukupita naye, kumene mukagone ndi tsiku lobwerera. Foni ikhale yoyatsa. Ulendo wozemba, ngakhale ukhale wosalakwa, umabala mafunso amene satha. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Lachitatu, ndalama mugawe muli awiri. Fizi, lendi ndi chakudya zikhale patsogolo. Zotsalazo, gawo lalikulu lipite ku ulendo wa banja lonse, kagawo kochepa kwa aliyense payekha. Musakongole katapila chifukwa cha tchuthi.

Lachinayi, onani msinkhu wa ana. Mayi woyamwitsa mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asamusiye usiku, chifukwa mwanayo amadalira bere lokha. Kupuma kwake kukhale kwa maola ochepa masana. Ana okulirapo auzeni zoona kuti amayi akukapuma ndipo abwera Lamulungu. Musawanamize kuti apita kuchipatala, mumangowapatsa mantha. Ndipo amene mukumusiyira ana akhale munthu amene inu ndi anawo mumamudziwa bwino.

Kwa inu amene mukulera ana nokha, pemphani achemwali, agogo kapena mnzanu wa kumpingo kuti muzisinthana. Mwezi uno atenge anu, mwezi wamawa mutenge ake. Mutu umodzi susenza denga.

Musanene kuti tidzapita ana akadzakula. Akadzakula adzakhala ndi maulendo awoawo, inu maondo atayamba kukana zitunda. Pakadafunda padajiwitsa galu. Usiku uno ana akagona, khalani pansi awirinu ndi kalendala. Lembanipo masiku atatu: la ana, la mayi ndi la bambo.